Mabuku Omangidwa Awiriawiri

Tsiku limenelo mphepo ya mwera inayamba m'mamawa ndipo sinaleke. Inkanyamula fumbi la mumsewu wa ku Nsanama n'kulithira pakhonde pomwe Che Abdulrahim anakhala pamkeka, bokosi lachitsulo la malemu mlongo wawo lili chitsegukire patsogolo pawo, lezala lili m'manja. M'bokosimo munali mabuku, ndipo mabukuwo anali omangidwa awiriawiri ndi tizingwe ta nsalu. Che Abdulrahim ankatulutsa mtolo umodzi, n'kudula kachingwe, n'kuika buku lina kudzanja lamanja pansalu yoyera, lina kumanzere pasimenti. Milu iwiriyo inali itakula kale pamene Che Zubairu, mwamuna wa malemuyo, anatulukira kuchokera kumanda.

Anaima pansi pa khonde. Anayang'ana tizingwe todukatoduka timene mphepo inkatithamangitsa pabwalo.

“Musadule,” anatero.

“Mwabwerako alamu? Khalani pansi tikambirane.”

“Musadule.”

Che Abdulrahim anaika lezala pabondo, koma dzanja silinachoke pamenepo.

Che Mwajuma anali ataikidwa m'manda sabata lomwelo. Sadaka yoyamba inali itatha, achibale akutali atabwerera kwawo, ndipo pakhomo panatsala anthu atatu: mwamuna wawo, mchimwene wawo wamng'ono ameneyu, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Halima, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Balaka. Mudzi unali wa kwawo kwa malemu. Che Zubairu anali mkamwini. Anachokera kugombe la nyanja ya Chiuta ali mnyamata, makina osokera atawamanga kumbuyo kwa njinga, ndipo aliyense ankadziwa, ngakhale panalibe amene anali atanena mokweza, kuti ikadzatha sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, adzawasudzula n'kubwerera kwawo ndi makina omwewo. Nyumba, dimba, mbuzi ndi bokosi lomwe zinali m'manja mwa mwini mbumba, Che Abdulrahim. Za dimba ndi mbuzi Che Zubairu sanafunse n'kamodzi komwe.

Che Mwajuma anali munthu wa mabuku. Bambo awo, amene anali mwalimu wa madrasa, anawaphunzitsa zilembo za Chiarabu asanagule mano. Kenako analowa sukulu ya boma, n'kulekezera fomu thu chifukwa cha ukwati, koma kuwerenga sanasiye. Pa zaka zimene ankagulitsa mpunga ndi nsomba zouma, ankakwera sitima mpaka ku Nkaya, nthawi zina kupitirira ku Balaka, ndipo pobwerera dengu silinkakhala lopanda kanthu. Ankagula kwa anyamata oyala mabuku akale pansi pafupi ndi depoti, ena ankapatsidwa ndi mashehe odutsa, ena ankasinthanitsa ndi aphunzitsi opuma ntchito. Munali zitabu za Chisilamu: za malamulo a chipembedzo, za mbiri ya aneneri, za kaganizidwe ka anthu ophunzira akale. Munali nthano zazitali za Azungu, za Amwenye, za anthu a maiko ena a mu Africa, zina za Chingerezi, zina za Chiswahili, zina za Chichewa. Munali buku la matenda a mbuzi ndi lina la nyenyezi lopanda chikuto.

Che Zubairu ankadziwa manambala a patepi yoyezera ndi mapemphero amene anaphunzira pamtima ali mwana. Zilembo sankazidziwa. Madzulo aliwonse dzuwa likapendeka, iwo akupalasa makina pakhonde, mkazi wawo ankakhala pampando wachidule n'kumawerenga mokweza, akumasulira Chingerezi pomwepo ngati akusenda chinangwa. Nkhani ikafika potentha makina ankayamba kuyenda pang'onopang'ono mpaka kuima.

“Telala, anthu akudikira malaya awo,” ankatero Che Mwajuma osadzutsa mutu, ndipo makina ankayambiranso.

Aliyense ankatha kubwereka buku pakhomopo, koma panali lamulo limodzi: palibe ankatuluka ndi buku limodzi. Mtsikana wofuna nkhani ya chikondi ankapita nayo, koma pamwamba pake patamangidwa chitabu. Mnyamata wa kumadrasa wofuna chitabu ankachipeza chili ndi nthano pansi pake. Pobweza, Che Mwajuma ankafunsa za mabuku onse awiri, ndipo wonama ankamugwira pa funso lachiwiri. Ena ankadandaula kuti mayiyu ndi wovuta kuposa ahedi. Iwo ankangonena kuti chitabu chimakuuza choti uchite, nthano imakuonetsa munthu amene udzamuchitire zimenezo, ndipo wodziwa chimodzi chokha ndi woopsa pamudzi. Tizingwe tomangira tinkachokera pansi pa makina a mwamuna wawo, zotsala za malaya ndi madiresi a anthu a m'mudzimo.

Tsopano Che Abdulrahim, amenenso anali mwalimu wa madrasa ku Nsanama, anafotokoza maganizo awo mofatsa, monga munthu amene wagona akuwakonza. Anati zitabu zipite ku madrasa. Kumeneko ana adzaziwerenga tsiku ndi tsiku, ndipo chilembo chilichonse chimene mwana adzatchule chidzakhala sawabu yowafikira achemwali awo m'manda, mphoto yosatha. Mabuku enawo Halima atenge amene akuwafuna, otsala apite kwa Sidik wa pamsika, amene nthawi zonse amasowa mapepala okulungira zitumbuwa. Anati iwo sanadane ndi nthano, koma dzina la Mulungu lisamangidwe ndi chingwe chimodzi ndi nkhani za anthu opsompsonana m'minda ya maluwa. Ananena zimenezi achemwali awo ali moyo, anati, kangapo konse, ndipo ankangowaseka.

“Chitabu ankachiika pamwamba,” anatero Che Zubairu.

“Ndaona. Koma chingwe n'chimodzi.”

Che Abdulrahim anatsitsa mawu.

“Alamu, munthu uja wapita yekha. Panalibe womutembenuzira ku Kibula, kumene timaloza poswali, ali ndi mpweya, panalibe womukumbutsa shahada, mawu aumboni wa chikhulupiriro. Munthu amene anandiphunzitsa ine alifu, chilembo choyambirira. Sindikuimbani mlandu. Koma chimene chatsala choti ndimuchitire ndi chimenechi, ndiye mundilole.”

Anati sakuwaimba mlandu, koma Che Zubairu anali akudziimba okha kale. Tsiku la imfa linali Lachitatu masana. Che Mwajuma anali atadwala kuyambira nthawi ya mvula, koma tsikulo kupuma kunasintha mwadzidzidzi. Amayi a m'mudzi anali kudimba, Che Abdulrahim ali ku Nkaya ku msonkhano wa aphunzitsi a madrasa, foni ilibe moto. Che Zubairu anathamangira kumsewu kukafuna njinga yamoto yoti iwatengere kuchipatala. Pobwera nayo anapeza nyumba yadzaza amayi akulira, ndipo amayiwo anati anawapeza atatsirizika kale. Kuyambira tsiku limenelo Che Zubairu ankadzifunsa chifukwa chake sanangokhala pambali pa mkeka. Sanauze munthu.

Halima anatuluka ndi tiyi pathireyi. Anali atamva zonse ali m'nyumba. Maso ake anali otupa, chikwama chake chili chomangamanga pakhomo, chifukwa bwana wake anali atamuimbira kale kuti tchuthi cha maliro sichikhala mwezi.

“Ababa, asiyeni amalume achite zimene akuona. Ndi mapepala awa. Musakangane anthu awiri otsala chifukwa cha mapepala.”

Iye anakula ndi bokosi limenelo ndipo sankalikonda. Anzake akusewera fulaye iye ankakhala pakhonde kuyankha mafunso a mabuku awiri, ndipo chaka china amayi ake anabwera ndi mabuku m'dengu pamene iye ankayembekezera nsapato za Idi. Atapita ku Balaka analumbira kuti chimene adzawerenge ndi mapepala a m'mabokosi a mankhwala basi.

Che Zubairu anakwera pakhonde. Anatseka chivundikiro cha bokosi, mitolo yotsala ili m'kati, n'kukhoma loko. Anatsala pang'ono kukhalapo, koma anakumbuka zimene zinali m'katimo, ndipo anakhala pansi pambali pake, dzanja lili pachivundikiro. Kiyi anamuika m'kofiya n'kuivalanso.

“Mukhala pamenepo mpaka arubaini?” anafunsa Che Abdulrahim.

“Eya.”

“Mukudziwa kuti nditha kuitana achibale, loko n'kumuthyola.”

“Eya.”

Tiyi anazizira pathireyi. Che Abdulrahim anayesa njira zonse zimene ankadziwa. Anatchula zimene anthu ophunzira ananena za ulemu wa zitabu. Anatchula za udindo wa mwini mbumba. Anakumbutsa alamu awo kuti sanayambanepo chikwatirireni pamudzipo, ndipo sikoyenera kuyamba tsopano dothi la pamanda lisanaume. Kenako anapsa mtima n'kunena kuti n'zodabwitsa kuti munthu wosadziwa kusiyanitsa chilembo ndi phazi la nkhuku ndi amene akulondera mabuku. Atangotero anachita manyazi, n'kuyamba kupukuta fumbi pa zitabu ndi mkono wa mkanjo wawo. Che Zubairu ankayang'ana mtengo wa mango ukugwedezeka. Nthawi ya swala ya masana itakwana anaswali onse awiri pakhonde pomwepo, phewa ndi phewa, ndipo atamaliza aliyense anabwerera pamalo pake.

Ndi pamene anthu anamva “odi” kumpanda. Anali a Modester, amene m'mudzi ankawatcha amake Lilian, mayi wa Katolika wa nyumba yoyandikana nayo, wogulitsa mandasi pasukulu. Iwo ndi malemu ankabwerekana mchere ndi moto kwa zaka zambiri. Pa maliro anagwira ntchito ya kukhitchini osapuma, koma sanalankhule ndi munthu, zimene zinali zachilendo kwa mayi amene mawu ake amamveka mpaka kumjigo. Anagwada pansi pa khonde, n'kumasula chitenje, m'kati muli jumbo, m'jumbomo muli mtolo wa mabuku awiri womangidwa ndi kachingwe kobiriwira.

Anati anamva kwa ana kuti katundu wa malemu akulongosoledwa, ndiye sanafune kuti atchedwe wakuba.

Che Abdulrahim anatambasula dzanja, ndipo ataona buku la pamwamba nkhope inasintha. Chinali chitabu chaching'ono cha kasamalidwe ka munthu amene akutsirizika ndi kakonzedwe ka maliro, Chiarabu tsamba lina, Chichewa tsamba linalo.

“Mwaona alamu? Izi ndi zimene ndikunena. Mpaka ichi chinakagona kunyumba ya Akhristu.”

“Chinagona bwino, amwalimu,” anatero a Modester. “Pamwamba pa kabati, pomwe ngakhale mphaka safika. Ndisanachigwire ndinkasamba m'manja ndi sopo, mafuta a mandasi asachidetse. Anandiuza okha eni ake.”

“Ndipo inu munkachifuniranji?”

“Ine? Sindinachifune iyayi. Ndani angafune buku la maliro?”

Anafotokoza kuti zinachitika nthawi ya mvula, Che Mwajuma atangobwera kuchokera ku chipatala chachikulu. Iwo anabwera kudzabwereka choseketsa chifukwa mtima unali wolemera, chimanga chawo chitakokoloka. Che Mwajuma anawapatsa nthano ya munthu amene anagula bulu wosamva n'kuzungulira naye dziko lonse kufuna womugulitsa, buku limene linawaseketsa mpaka mwana wawo Lilian anaganiza kuti amayi ake ayamba misala. Koma pamwamba pake panali chitabu ichi. Patapita sabata anabweza mtolowo, ndipo Che Mwajuma anawafunsa za bulu, iwo n'kuyankha zonse. Atawafunsa za chitabu, analephera. Anawabwezera nawo. Anabweranso, anawabwezanso.

“Ndinati, achemwali, kodi mukufuna ndilembe mayeso a ushehe? Anati, amake Lilian, simunamalize. Munthu mumamugoneka mbali iti? Nkhope iloze kuti? Milomo ikauma mumatani? Ndikalakwa chimodzi, bwererani.”

Halima anali ataima pakhomo, thireyi ili m'manja. Anaiika pansi.

A Modester anati chimene chinawavuta kwambiri chinali mawu a shahada, mawu ochitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi. Anaopa kuti akawatchula ndiye kuti alowa Chisilamu osadziwa, abambo mfumu n'kudzawaletsa kulandira mgonero. Che Mwajuma anaseka mpaka kutsokomola, n'kuwauza kuti Mulungu si mwana, amadziwa amene akulankhula za mumtima mwake ndi amene akungothandiza mnzake kukumbuka. Anawaphunzitsanso kuti munthu wodwala sumulamula kuti nena, chifukwa ululu ungamuyankhitse zoipa. Umangotchula wekha pafupi ndi khutu lake, motsitsa, ndipo iye akatchula kamodzi umakhala chete, kuti mawu amenewo akhale omaliza.

Mphepo inatsegula chikuto cha buku lina pamulu wa kumanzere n'kumatembenuza masamba, ndipo panalibe analitseka.

“Lachitatu lija ndinali kuyanika zovala,” anatero a Modester, tsopano akuyang'ana pansi. “Ndinaona Che Zubairu akuthamanga. Munthu amene ngakhale mvula siimuthamangitsa. Ndinangosiya zovala m'beseni.”

Anawapeza Che Mwajuma akupuma movutika, atagona chagada. Anawatembenuzira kudzanja lamanja, nkhope kuloza kumpoto monga mmene anawasonyezera kale, kumene kuli mtengo wa mango. Ananyowetsa kansalu n'kuwapukuta milomo. Kenako anagwada pafupi ndi khutu lawo n'kuyamba kutchula.

Che Abdulrahim anali atagwira mtolo uja ndi manja awiri.

“Anayankha?”

“Koyamba iyayi. Ndinatchulanso. Koma lilime langali, amwalimu, mukulidziwa, la Chilomwe. Penapake ndinapotoza. Anatsegula diso limodzi n'kundiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikalakwa funso. Ndiye anatchula okha, bwinobwino, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati akundikonza.”

“Mawu onse?”

“Onse. Ndinamva ndi makutu angawa. Ndiye ndinakhala chete, monga ananenera. Sanalankhulenso.”

Anati anakhala nawo atawagwira dzanja mpaka kupuma kunaleka, n'kuwatseka maso, n'kuwafunditsa. Atatero anathamangira kudimba kukaitana amayi. Amayiwo atapeza munthu atagona moyenera anaganiza kuti anamugoneka ndi mwamuna wake asanatuluke, ndipo mwamunayo pobwera anaganiza kuti anachita ndi amayiwo. A Modester anangolowa kukhitchini n'kuyamba kutunga madzi.

Halima anafunsa chifukwa chake sananene masiku onsewa, anthu akulira kuti amayi apita okha.

“Ndinaopa, mwanawe. Munthu wa kolona m'khosi kukhudza zinthu zanu pa nthawi ngati imeneyo. Ndinati mwina ndaononga, mwina amwalimu adzati pemphero lonse lathawa. Usiku sindigona. Lero ndati kaya andikalipire, ndikanene, chifukwa ndamva kumpandako zimene amakamba.”

“Mumamvetsera kumpanda?” anatero Che Abdulrahim.

“Mpanda wake ndi waudzu, amwalimu.”

Che Abdulrahim anaika mtolo uja pansalu yoyera, wonse, osaumasula. Anaimirira, n'kutenga ketulo ya madzi, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba ngati akukatawasa, kusamba kokonzekera pemphero, ngakhale nthawi ya swala inali isanakwane. Anakhalitsa kumeneko. Halima anakhala pansi pafupi ndi a Modester n'kubisa nkhope m'chitenje chawo, ndipo a Modester ankamusisita pamsana akumuuza kuti amayi ake sanavutike nthawi yaitali.

Che Zubairu sanasunthe. Ankaganiza za miyezi imene ija, mmene mkazi wawo ankabwezera mayiyu ndi mtolo womwewo iwo akusoka pomwepo, osafunsa kuti n'chifukwa chiyani. Che Mwajuma anali atayang'ana mudzi wonse: mwamuna wawo amene adzathamangire njinga, mchimwene wawo wa misonkhano, mwana wawo wa ku Balaka, amayi a kudimba. Anaona amene amakhala pakhomo masana. Ndipo pomupatsa buku loopsa chotero, anamumangira ndi buku loseketsa kuposa onse m'bokosimo.

“Zikomo, amake Lilian,” anatero.

A Modester anayembekezera kuti apitiriza, koma mawu anali omwewo. Anawadziwa munthuyo, ndipo anawalandira.

Che Abdulrahim atabwerako ndevu zinali zonyowa, maso ofiira. Sanayang'ane munthu. Anakhala pamkeka n'kuyang'ana milu iwiri ija, wa kumanja ndi wa kumanzere, kenako pabwalo pomwe tizingwe tina tinali titakodwa m'mpanda, tina titapita. Anatola chitabu chimodzi chachikulu, chachikuto chakuda, n'kuchitembenuza.

“Ichi chinali ndi liti?”

“Sindidziwa zikuto,” anatero Che Zubairu. “Ndimadziwa mawu.”

“Ndiye titani? Ine sindinayang'ane. Ndimangodula.”

“Awerenge.”

Onse anayang'ana Halima. Iye anati minibasi yomaliza ya ku Liwonde siidikira munthu, ndipo Chingerezi cha m'mabuku amenewo si cha m'sitolo. Anapukuta m'maso, n'kutola buku la pamwamba pa mulu wa kumanzere, lachikuto chong'ambika, n'kulitsegula. Anawerenga mzere woyamba m'Chingerezi, n'kuima, n'kuumasulira mokayika. Anawerenga wachiwiri. Mawu ake ankafanana ndi a mayi ake kuposa mmene iye ankadziwira, ndipo a Modester anagwira pakamwa. Asanamalize tsamba bambo ake anakweza dzanja.

“Ndi la mkazi wamasiye. Achibale a mwamuna anamulanda munda n'kumusiyira mphika. Linali ndi chitabu cha kagawidwe ka chuma cha masiye.”

Che Abdulrahim anafufuza pamulu wawo n'kuchipeza. Anachigwira kanthawi. Anati chitabu chimenechi anachibwereka chaka china pokonzekera kukaweruza nkhani ya banja lina ku Nsanama, ndipo anachilandira chili ndi buku lomweli pansi pake. Chitabu anachiwerenga chonse, koma linalo anangoliika pawindo mpaka tsiku lobweza.

“Sanakufunseni?” anatero a Modester.

“Anandifunsa. Ndinanama. Anandigwira pa funso lachiwiri.”

Halima anaseka, misozi ili m'masaya, ndipo kanali koyamba kuseka pakhomopo chichitikireni maliro. Che Abdulrahim anaika nthano ija pansi, chitabu pamwamba, n'kulinganiza m'mbali mwake ndi zala.

Sikuti anagonja pa zonse. Anati zitabu zikuluzikulu za Chiarabu chokhachokha zikufunikabe ku madrasa, chifukwa m'mudzi muno palibe wina angaziwerenge, ndipo sawabu ya achemwali awo sangaisiye m'bokosi lokhoma.

“Zipite ndi anzawo,” anatero Che Zubairu.

“Ana a madrasa aziwerenga za bulu?”

“Aziwerenga.”

Che Abdulrahim anapuma mozama. Anati ayamba awerenga okha buku lililonse lisanalowe m'kalasi mwawo, ndipo likakhala la anthu opsompsonana kwambiri libwerera m'bokosi pamodzi ndi chitabu chake, ana adikire akule. Za Sidik ndi zitumbuwa zake sanatchulenso. Che Zubairu anavomera ndi mutu. Anavula kofiya, n'kutulutsa kiyi, n'kumuika pamkeka pakati pawo.

Ntchito inayenda pang'onopang'ono. Halima ankawerenga za kumanzere, amalume ake za kumanja, ndipo Che Zubairu ankamvetsera atatseka maso. Buku la matenda a mbuzi linapeza chitabu cha chifundo pa zolengedwa. Nthano ya mfumu imene inakalamba n'kuyamba kuopa ana ake omwe inapeza chitabu cha ulemu kwa makolo. Koma ena sanawadziwe. Panali mabuku amene mkazi wawo anawerenga okha iwo ali kumsika, panali ena amene anasinthidwa anzawo kangapo malinga ndi wobwereka, ndipo pa amenewa Che Zubairu ankangoti, “Sindidziwa.” Anawaika padera. Che Abdulrahim anayang'ana mulu wachitatuwo ukukula ndipo anati amenewa palibe njira ina, wina adzayenera kuwawerenga mpaka kumapeto kuti adziwe chimene achemwali ankaona. Halima anatenga awiri n'kukawaika pamwamba pa chikwama chake. Minibasi inali itapita.

A Modester anatsanzika kuti akakande ufa wa mandasi a mawa. Anafika pampanda n'kubwerera, n'kufunsa ngati bulu uja angamubwerekenso, chifukwa Lilian sanamumalize. Che Abdulrahim anatola mtolo wa kachingwe kobiriwira uja n'kuwapatsa wonse ndi manja awiri.

Mabuku amene anapezana anali atandandalikidwa pamkeka awiriawiri, koma mphepo inkawatsegula, ndipo panalibe chowamangira. Pansi pa makina panali posesa, chifukwa Che Zubairu anali asanasoke kanthu chiyambireni matenda kukula. Analowa m'nyumba. Pamwamba pa kabati panali nsalu yoyera yotsala pa sanda imene anakulungira mkazi wawo, yopindidwa bwino. Anaitsitsa, anatenga sizasi, n'kukakhala pakhonde kuyamba kudula tizingwe.